Mawati a pa Bokosi Sadula Thabwa: Mafunso ndi Mayankho pa Timakina ta Laser

Mukapita ku kitchen party ku Chelstone kapena ku ukwati ku Woodlands masiku ano, muyang'ane pamwamba pa keke. Nthawi zambiri pamakhala kathabwa kopyapyala kodulidwa mwaluso, kolembedwa mayina a eni phwando, m'mphepete mwake mofiirira ngati mwapsa pang'ono. Mwapsadi, chifukwa chomwe chinadula kathabwako ndi kuwala. Timakina ta laser toika patebulo, tomwe anthu amaitanitsa ku China kapena kubwera nato kuchokera ku Johannesburg, talowa m'nyumba ndi m'magalaja a mu Lusaka, ndipo ambiri akuganiza zoyamba nato bizinesi. Koma amene wayamba kufunsa mitengo sachedwa kusokonezeka. Makina ena alembedwa 80W koma ndi otchipa, ena alembedwa 10W koma ndi odula kuwirikiza. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera pa nkhaniyi.

Kodi makina amenewa amadula bwanji thabwa popanda sowo?

Ambiri tili ana tinasewerapo ndi galasi lokulitsa zinthu, kulitchera padzuwa mpaka kuwala kusonkhane pa kadontho kamodzi, pepala n'kuyamba kufuka. Laser imachita zomwezo, kungoti dzuwa lake ndi kachipangizo kakang'ono kotchedwa diode, kotulutsa kuwala kwabuluu kwa mananomita pafupifupi 450. Kagalasi ka kutsogolo kwa mutu wa makina kamasonkhanitsa kuwalako pa kadontho kochepa ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi, ndipo pomwe kadonthoko kagwera thabwa limapsa n'kusanduka utsi. Mamota amayendetsa mutuwo pa njanji motsatira chithunzi chomwe mwakonza pa kompyuta, pogwiritsa ntchito pulogalamu ngati LightBurn, yomwe ndi yogula, kapena LaserGRBL, yomwe ndi yaulere. Mutu ukathamanga, kuwala kumangowaula pamwamba, ndipo kumeneko ndiko kulemba kapena kuzokota. Ukayenda pang'onopang'ono, kuwala kumalowa pansi mpaka kuboola. Luso lopanga kuwala kwabuluu linachokera ku Japan, ndipo Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura analandira mphotho ya Nobel mu 2014 chifukwa cha LED yabuluu. Ma diode abuluu amphamvu atayamba kupangidwa ambirimbiri kuti aziikidwa m'mapulojekita, mtengo wake unatsika, ndipo n'chifukwa chake lero munthu wamba angathe kukhala ndi laser pakhomo.

Makina anga alembedwa 40W, a mnzanga 10W, koma ake ndiwo akudula bwino. Zikutheka bwanji?

Nambala ziwirizo sizikuyeza chinthu chimodzi. Pali mphamvu ya magetsi yomwe mutu wa makina umadya, ndiye pali mphamvu ya kuwala komwe kumatuluka pa kagalasi. Zili ngati kuchigayo: kulemera kwa chimanga chomwe mwathira ndi kulemera kwa ufa womwe mwatenga n'zosiyana, kungoti chigayo ichi chimatulutsa madeya ambiri kuposa ufa. Magetsi ambiri olowa mu diode amasanduka kutentha, ndipo n'chifukwa chake mutuwo uli ndi kafani kopukusa nthawi zonse. Ogulitsa ena pa intaneti amalemba nambala ya magetsi olowa chifukwa ndiyo yaikulu. Mutu wodya mavoti 12 ndi ma amp 3 umadya mawati 36, ndipo pa bokosi angalembe 40W, pamene kuwala kotuluka kuli mawati 5 kapena 5.5 basi. Momwemonso ambiri olembedwa 80W amakhala a mawati 10 a kuwala. Mnzanuyo anagula makina olembedwa nambala ya kuwala, choncho 10W yakeyo ndi yowirikiza kawiri 40W yanu. Chimene chimadula thabwa ndi kuwala kofika pathabwapo, ndipo nambala imeneyo ndiyo yoyenera kuyerekezera makina.

Ndingadziwe bwanji mphamvu yeniyeni ndisanalipire?

Choyamba, pa tsamba la malonda funani mawu akuti "optical power" kapena "laser output power". Makampani odziwika ngati xTool, Ortur, Sculpfun ndi Atomstack amailemba nambala imeneyi pa mndandanda wa zofotokoza makina, ngakhale nthawi zina muyenera kutsika pansi kuti muipeze. Chachiwiri, funsani kuti mumutu muli ma diode angati. Diode imodzi yabuluu ya mtundu umenewu imatulutsa mawati 5 kapena 6. Mutu wa 10W uli ndi ma diode awiri omwe kuwala kwake kwaphatikizidwa ndi timagalasi, wa 20W uli ndi anayi, wa 40W uli ndi asanu ndi atatu. Mutu waung'ono ngati mabokosi awiri a machesi sungakhale ndi ma diode asanu ndi atatu, kaya pa katoni alemba chiyani. Chachitatu, tembenuzani adaputa ya magetsi muwerenge zolembedwa pansi pake, muchulukitse mavoti ndi ma amp. Ngati yalembedwa 12V 5A, ndiye kuti makina onse, mamota ndi mafani omwe, sangadye kuposa mawati 60. Makina otero sangatulutse kuwala kwa mawati 40. Ngati mukugula kwa munthu wa konkuno, pitani ndi kathabwa kanu m'chikwama adule inu mukuona.

Nanga 5W, 10W, 20W ndi 40W zimadula plywood yokhuthala bwanji?

Tikunena mawati a kuwala, pa plywood yofewa ndi youma bwino. Makina a 5W amazokota bwino kwambiri, ndipo plywood ya mamilimita 3 amaidula, koma mobwereza mzere womwewo kawiri, katatu kapena kanayi. A 10W amadula mamilimita 3 kamodzi kokha ngati ayenda pang'onopang'ono, ndipo mamilimita 5 kapena 6 amafuna kubwereza. A 20W amadutsa mamilimita 3 mwachangu ndipo 6 sawavutitsa kwenikweni. A 40W amafika cha m'ma 10, ena kupitirirapo pang'ono. Mukaona malonda akuti makina amadula mamilimita 15 kapena 20, dziwani kuti nthawi zambiri anayesera pa thabwa lofewa lopanda guluu, osati pa plywood. Pali malire ena omwe mawati sangawachotse. Kuwala kumasonkhana pa kadontho kakang'ono pamalo amodzi okha, ndipo kukapitirira pamenepo kumayamba kumwazikanso, choncho m'thabwa lokhuthala kumafika pansi kutafooka, mpata n'kudzaza makala. Plywood ya mamilimita 18 yomwe omanga amathirira konkire si ya makina amenewa, imeneyo ipite ku sowo.

Ndiye kuti mawati ambiri ndiwo abwino nthawi zonse?

Ayi, zimadalira ntchito yanu. Kuphatikiza kuwala kwa ma diode ambiri kumakulitsa kadontho, ndipo kadontho kakakula mizere yopyapyala ya chithunzi siioneka bwino. Munthu amene ntchito yake ndi kuzokota nkhope za anthu kapena timalemba ting'onoting'ono pa zokolekera makiyi amapeza kuti 5W kapena 10W ikumupatsa ntchito yosalala kuposa 40W. Mutu wa ma diode ambiri ndi wolemeranso, motero pa makina a njanji zofooka umanjenjemera ukathamanga, mizere n'kupotoka. Chomwe mawati ambiri amakugulirani ndi nthawi. Ngati mwalandira oda ya timatabwa 200 ta mayina a alendo a pa ukwati wa Loweruka, kusiyana kwa kudula kamodzi ndi kubwereza kanayi ndiko kusiyana kwa kugona ndi kuchezera. Chinanso, musamayendetse diode pa 100 peresenti tsiku lonse. Kutentha ndiko kumaifooketsa, makamaka mu Okutobala m'galaja ya malata, ndipo diode yofooka simaonetsa ndi maso, mumangoona kuti zomwe zinkadulika chaka chatha tsopano zikukanika.

Bwanji plywood yomwe ndagula ku hardware ikukanika kudulika ngakhale ndi yopyapyala?

Apa ndi pomwe ambiri amada makina pamene vuto lili m'thabwa. Plywood ndi timatabwa topyapyala tomatikizana ndi guluu, ndipo laser iyenera kuboola zonse ziwiri, mtengo ndi guluu. Plywood yopangira zinthu za m'nyumba imamatidwa ndi guluu woyera wa urea-formaldehyde, amene amapsa mosavuta. Yopirira madzi, ija amati marine kapena WBP, imamatidwa ndi guluu wakuda wa phenol, amene amasanduka makala olimba n'kutchinga kuwala. Muyang'ane m'mbali mwa thabwa: mukaona mizere yakuda pakati pa zigawo, mwapeza ntchito. Ndiye pali zobisika m'kati. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo plywood yotchipa imakhala yosalala kunja koma pakati pali mfundo, mphako, zigawo zosanjikizana ndi zomatira mabowo.

Ine zinandionekera. Ndinagula plywood ya mamilimita 4 pa shopu ina m'tauni, ndinadula zokolekera makiyi makumi atatu, pamwamba mizere yonse ikuoneka bwino. Nditanyamula thabwalo, zinagwa khumi ndi ziwiri zokha. Zotsalazo zinagwira pena ndi pena, pomwe kuwala kunakumana ndi mfundo za m'kati, ndipo pomaliza ndi kampeni zina zinathetheka. Kuyambira pamenepo ndimaunika thabwa lopyapyala ndi tochi ya foni kumbuyo kwake m'chipinda chamdima. Pomwe pawala kwambiri pali mphako, pomwe pada pali mfundo, ndipo ndimayala zodula zanga mozemba malo amenewo. Plywood ya basswood kapena poplar yopangidwira laser ndiyo yosavuta, ngakhale ndi yokwera mtengo chifukwa ndi yochokera kunja. Chinyezi nachonso chimavutitsa: kuyambira Novembala mpaka Epulo thabwa limamwa madzi a mumpweya, limapindika ndipo limachedwa kupsa. Lisungeni logoneka, pamalo ouma, mutalitsindika ndi chinthu cholemera.

M'mphepete mukuda ngati makala ndipo pamwamba pali mwaye. Nditani?

Musayambe ndi kuwonjezera mphamvu. Yambani ndi mpweya. Kapampu kopemerera mpweya pomwe kuwala kukudula, komwe ogulitsa amati air assist, kamachotsa utsi ndi makala mumpata kuti kuwala kufike pansi, kamazimitsa timalawi, ndiponso kamateteza kagalasi ku mwaye. Makina a 10W okhala ndi kapampu aka nthawi zambiri amadula mwaukhondo kuposa amphamvu opanda mpweya. Kenaka onani kutalika kwa mutu kuchokera pathabwa. Podula, ndi bwino kuti kadontho kasonkhane pang'ono m'kati mwa thabwa osati pamwamba penipeni, ndipo thabwa lopindika liyenera kupanidwa kuti ligone mofanana. Thabwalo likhale pa chitsulo cha mabowo ngati zisa za njuchi, kapena pa timisomali, kuti utsi uzituluka pansi. Kubwereza kawiri mothamanga pang'ono kumadetsa mochepa kusiyana ndi kukwawa kamodzi. Kumata tepi ya pepala pamwamba musanadule kumateteza thabwa ku mwaye. Musaiwale kagalasi: fumbi la Lusaka la mu Ogasiti ndi Seputembala likasakanikirana ndi utomoni wa utsi limatchinga kuwala, choncho kapukuteni kawirikawiri ndi kathonje konyowetsa mu isopropyl alcohol. Ndipo thabwa lililonse latsopano muyambe mwaliyesa, podula timabokosi ting'onoting'ono pa liwiro ndi mphamvu zosiyanasiyana, mulembe zomwe zagwira ndi kusunga kathabwako. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kupatula plywood, ingadulenso chiyani? Nanga perspex ndi zitsulo?

Imadula makatoni, mapepala, nsalu zina, chikopa chenicheni ndi MDF yopyapyala, ngakhale MDF imatulutsa utsi wambiri wonunkha guluu. Pa matabwa enieni, mukwa, womwe ku Malawi amati mlombwa, umazokoteka mokongola. Paini, monga uja wochokera ku minda ya ZAFFICO ku Copperbelt, amadulika mosavuta koma utomoni wake umayaka msanga. Perspex yoonekera kuseri siidulika ndi makina amenewa, kaya ndi a mawati angati, chifukwa kuwala kwabuluu kumangodutsa ngati pawindo. Yakuda ndi ya mitundu ina yodera imadulika, koma yoyera ndi yabuluu imavuta. Zitsulo sizidulika ngati matabwa. Chomwe mungachite ndi kulemba pa stainless steel kapena kuchotsa penti pa makapu achitsulo kuti dzina lioneke. Pali chimodzi choti musayese n'komwe: PVC. Mapaipi, zikwangwani za vinyl ndi zikopa zambiri zongopanga zili ndi PVC, ndipo ikapsa imatulutsa mpweya wa asidi wowononga mapapo anu komanso kuchititsa dzimbiri makinawo. Ngati simukudziwa chomwe pulasitiki inapangidwira, isalowe pansi pa laser.

Kodi ndi zoopsadi, kapena amangotiopseza?

Ndi zoopsa ndithu. Katochi ka laser kolozera pa bolodi nthawi zambiri sikapitirira mamiliwati 5. Makina a 5W ndi amphamvu kuwirikiza 1,000. Laser iliyonse yopitirira theka la wati ili mu Class 4, gulu loopsa kwambiri, ndipo kuwala kwake ngakhale kongonjanja pa msomali kapena pa chitsulo chonyezimira kungathe kuwotcha kumbuyo kwa diso musanaphethire. Bala limenelo silipola. Magalasi a dzuwa sathandiza. Pamafunika magalasi opangidwira mananomita 445 mpaka 455, olembedwa mlingo wa OD wosonyeza momwe amatchingira kuwala, ndipo ena obwera m'katoni pamodzi ndi makina otchipa salembedwa chilichonse. Magalasi amateteza wovala yekha, pomwe m'nyumba zathu mumalowa ana, alendo ndi antchito, choncho makinawo akhale m'bokosi lotsekeka. Kalipentala aliyense angakupangireni bokosi lotero, inu n'kuikamo windo la pulasitiki yotchinga kuwala kwabuluu, ndi fani yokoka utsi kudzera m'paipi mpaka panja. Utsi wa plywood uli ndi formaldehyde, si woti muzipumira m'chipinda chogona, komanso muganize za aneba ngati mukukhala m'mafulati. Chomaliza ndi moto. Laser ndi moto woyenda pathabwa louma. Lamba woyendetsa mutu akaduka kapena kompyuta ikasiya kugwira ntchito mutu n'kuima pamodzi, thabwa limayaka nthawi yomweyo. Musachoke pamene makina akudula, ndipo chozimitsira moto chikhale pafupi.

Nanga malaiti akamavuta, kodi angayende pa sola?

Apa m'pamene diode imakomera. Mu 2024 chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, ZESCO inkathimitsa magetsi mpaka madera ambiri a Lusaka ankawaona maola ochepa chabe pa tsiku, ndipo amisiri odalira makina akuluakulu anakhala manja lende. Makina a diode a 10W amadya magetsi osapitirira mawati 100, a 20W cha m'ma 120 mpaka 150. Mukaphatikiza kapampu, fani ndi laputopu, simunafikebe pa theka la zomwe simbi yamagetsi imadya. Inverter yapakatikati ndi batire labwino zimakwanitsa. Ngakhale magetsi alipo, ndi bwino kuyendetsa makinawo kudzera pa inverter kapena UPS, chifukwa akathima pakati pa ntchito mutu umaiwala pomwe unali, ndipo thabwa lomwe mwazokota kwa ola lathunthu lingatayike. Makina okhala ndi timaswichi tobwezera mutu pakona amathandiza, chifukwa mungayambirenso pamalo omwewo malinga thabwa lisasunthe. Adaputa zambiri zimalandira mavoti 230 a kuno popanda vuto, koma onetsetsani pulagi yake poitanitsa.

Bwanji osangogula laser ya CO2?

Ya CO2 imatulutsa kuwala kosaoneka kwa mananomita 10,600, komwe mtengo, guluu ndi perspex yoonekera zimakumwa bwino. N'chifukwa chake opanga zikwangwani ndi zikho zamphotho amagwiritsa ntchito imeneyi, ndipo ya mawati 40 mpaka 60 imadula plywood mwachangu ndi mwaukhondo. Koma ili ndi chubu chagalasi chosachedwa kusweka panjira, imafuna madzi oziziritsa, timagalasi take timafuna kuwongoleredwa, m'kati mwake muli magetsi a mavoti masauzande ambiri, ndipo ndi yolemera. Kulemera kumeneko mumakulipira pa ndege kapena pa thiraki, kenaka ZRA imawerengera msonkho wa katundu wolowa ndi VAT ya 16 peresenti. Ngati makasitomala anu akufuna perspex yoonekera kapena ntchito yambiri tsiku ndi tsiku, sungani ndalama mugule CO2. Ngati mukuyamba ndi matabwa opyapyala pakhomo, diode ikukwanirani.

Ndili ndi ndalama zochepa ndipo ndikufuna kuyamba. Ndigule ati?

Yambani ndi funso la chomwe mudzagulitse. Laser siisema mvuu ngati osema a ku Kabwata Cultural Village pa Burma Road, siipanganso bedi ngati akalipentala a ku Kalingalinga m'mbali mwa Alick Nkhata Road. Malo ake ndi zinthu zafulati zofuna dzina la munthu: zoika pa keke, manambala a matebulo, zokolekera makiyi, mapu a Zambia opachika pakhoma, zoikapo makapu zogulitsa pa msika wa Lamlungu ku Arcades kapena pa msika wa mwezi ndi mwezi wa ku Dutch Reformed ku Kabulonga. Ingathenso kukupezerani ntchito kwa amisiri omwewo, powazokotera mayina pa zomwe apanga. Pa ntchito zotere, makina a mawati 10 a kuwala ndi poyambira pabwino. Ndalama zomwe mukanawonjezera kuti mufike pa 20W muyambe mwagulira kapampu ka mpweya, magalasi enieni, bokosi ndi fani, chifukwa popanda zimenezi mawati owonjezerawo angokupatsani utsi wambiri. Kumbukiraninso kuti makina ambiri amadula malo a masentimita pafupifupi 40 mbali zonse, pamene plywood imagulitsidwa ya mamilimita 2440 kwa 1220, choncho mudzafunabe munthu wa sowo woti akudulireni mapisi. Musanatumize ndalama kulikonse, yendani m'ma hardware kapena ku Buseko, mupeze plywood yomwe mungathe kumaigula mwezi uliwonse, mudule kachidutswa, mupite nako kwa aliyense amene ali ndi makina omwe mukufunawo. Akadulapo, chodulidwacho chikagwa chokha mukanyamula thabwa, gulani.